Mlandu Umene Amayi Sadapalamule

Mwana akadwala malungo, palibe amene amaitanitsa msonkhano wa banja kuti afufuze wolakwa. Amam'bereka kumbuyo kapena kum'kweza pa kabaza, ulendo wa kuchipatala. Koma mnyamata wa zaka 20 akayamba kuchezera usiku wonse osagona, kuyankhula ndi anthu amene ena sakuwaona, kapena kunena kuti wailesi ikukamba za iye, m'nyumba mumabuka mlandu. Abale asanafunse kuti mwanayo akudwala chiyani, amayamba afunsa kuti wachita zimenezi ndani. Zotere zimachitika ku Bangwe, ku Ndirande, ngakhale m'nyumba za mipanda ku Namiwawa, ndipo kawirikawiri chala chimakathera pa munthu mmodzi: mayi amene adabereka wodwalayo.

Ena amayesa kuti khalidweli ndi la ife tokha, anthu odziwa njira ya kwa sing'anga. Si choncho ayi. Kwa zaka pafupifupi 30, madokotala ophunzira kwambiri ku America ndi ku Ulaya ankaphunzitsa kuti matenda a schizophrenia amayamba chifukwa cha mmene makolo, makamaka amayi, amayankhulira ndi ana awo. Mbiri imeneyi tiyenera kuidziwa ife a mu Blantyre, chifukwa mkati mwake muli bodza limene lidasweketsa mitima ya anthu ambiri, komanso muli choonadi chimene chingathandize odwala athu kukhala bwino. Ziwirizi zidabadwira pamodzi, ndipo n'chapafupi kutola bodzalo n'kusiya choonadicho.

Si aliyense amene timamutchula kuti wamisala amene ali ndi schizophrenia. Ena mutu umasokonezeka chifukwa cha malungo aakulu, kachilombo ka HIV kakafika ku ubongo, khunyu, kachasu kapena chamba. Schizophrenia, dzina limene adalipereka dokotala wa ku Switzerland Eugen Bleuler mu 1908, ndi matenda okhalitsa amene amakonda kuyamba munthu akamamaliza sekondale kapena ali m'zaka za m'ma 20, nthawi imene makolo amayembekeza kuti ayambe kudya thukuta lawo. Wodwala amamva mawu amene ena sakuwamva. Amakhulupirira zinthu zimene sungazichotse m'mutu mwake ngakhale utabweretsa umboni wotani. Maganizo ake amadukaduka, ndipo ena amangozizira thupi lonse, osafuna kusamba, kugwira ntchito kapena kucheza. Mu 2022 bungwe la WHO lidati padziko lonse odwala matendawa adalipo pafupifupi 24 miliyoni, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzinda wa Blantyre muli anthu pafupifupi 800,000. Choncho amene timawaona akutoleza m'zinyalala pamsika wa Limbe kapena akuyenda opanda nsapato mu Masauko Chipembere Highway ndi ochepa chabe. Ambiri ali m'nyumba, akusamalidwa ndi abale amene sanena kwa anthu.

Mu 1948, Frieda Fromm-Reichmann, dokotala wochokera ku Germany amene ankagwira ntchito pachipatala cha Chestnut Lodge ku America, adalemba za mayi amene amadwalitsa mwana wake: mayi wouma mtima, wolamula chilichonse, wokana mwanayo mumtima pamene pamaso akuoneka womuteteza. Mu 1956 ku Palo Alto, m'chigawo cha California, Gregory Bateson ndi anzake atatu, Don Jackson, Jay Haley ndi John Weakland, adatulutsa ganizo limene lidatchuka kwambiri, lotchedwa double bind. Iwo adati mwana amene amalandira mauthenga awiri otsutsana nthawi imodzi, kuchokera kwa munthu amene sangathe kum'thawa, ndiponso osaloledwa kunena kuti mauthengawo akutsutsana, amafika posakhulupiriranso tanthauzo la mawu alionse. Chitsanzo chawo chodziwika chidali cha mnyamata amene mayi ake adabwera kudzam'zonda kuchipatala. Iye adawakoleka mkono paphewa mosangalala, mayiwo n'kuumitsa thupi. Atachotsa mkonowo, mayi aja adam'funsa ngati wasiya kuwakonda. Awagwire walakwa, awasiye walakwanso. Ena adawonjezera zawo. Theodore Lidz wa ku Yale adaloza maukwati odzala ndi mikangano, kapena amene mmodzi amapondereza mnzake. Lyman Wynne ndi Margaret Singer adafufuza makolo amene nkhani zawo zimangozungulira, osafika pamfundo.

Ndimamvetsa chifukwa chake maganizowa adakopa anthu. Ndani wa ife amene sadakule ndi mauthenga awiri? "Tabwera kuno, sindikumenya," pamene kamtengo kali kumbuyo. "Yankhula, wangoti duu bwanji?" ndipo ukatsegula pakamwa, "Iwe, ukuyankhana ndi akuluakulu?" Bambo amene amati "Chita zimene mtima wako ukufuna" nkhope itakwinyika, aliyense m'nyumbamo akudziwa kuti palibe chosankha. Zimenezi zimapweteka ndithu, ndipo ena zimawasiyira mantha a moyo wonse. Koma kufala kwake komweko ndi kumene kumagwetsa ganizo la Bateson. Kuyankhula kotere kukadakhala kuti ndiko kumabala schizophrenia, odwala sakadakhala mmodzi mwa 300. Akadapezeka pafupifupi khomo lililonse.

Ofufuza ena atayesa maganizowa mosamala, sadapeze umboni wowachirikiza. Vuto lalikulu lidali lakuti madokotala aja ankaona mabanja matenda atalowa kale. Mayi amene waumitsa thupi mwana wake atam'gwira mwina wakhala miyezi osagona, mwina mwanayo adayamba wam'wopsezapo matenda atakula. Zimene iwo adaziyesa gwero la matenda kawirikawiri zidali zipsera zimene matendawo adasiya pabanja. Kenaka umboni wina udabwera kuchokera kwa ana oleredwa ndi anthu ena. Mu 1966, Leonard Heston adatsata ana 47 a ku Oregon amene adabadwa kwa amayi odwala schizophrenia koma adachotsedwa kwa amayiwo atangobadwa. Asanu mwa iwo adadwala matendawa atakula, pamene mwa ana ena 50 oleredwa mofananamo, obadwa kwa amayi osadwala, palibe ndi mmodzi yemwe amene adadwala. Ana asanu aja sadamve mawu a amayi awo pokula. Chimene adatengera chidali cha m'magazi.

Lero akatswiri amagwirizana kuti gawo lalikulu la chiopsezo cha matendawa ndi chibadwa, chimene chingachokere kuchimuna kapena kuchikazi, ndipo palibe kholo limene limasankha zimene lipatsire mwana. Komabe chibadwa pachokha sichimaliza nkhani, pakuti ngakhale mwa amapasa ofanana, wina akadwala mnzake amadwala pafupifupi theka la nthawi kapena kucheperapo. Zina zimene zimawonjezera chiopsezo ndi mavuto pa nthawi yobadwa, njala mayi ali woyembekezera, kusuta chamba kwambiri ukadali wamng'ono, ndi nkhanza zenizeni paubwana monga kugwiriridwa kapena kumenyedwa koopsa. Nkhanza zoterozo tisazibise, koma n'zosiyana kutalitali ndi kukalipa kwa mayi wotopa amene akufuna mwana wake akatunge madzi. Ku America makolo adasenza mlandu wabodzawu kwa zaka zambiri, ena mpaka kuletsedwa kuona ana awo m'zipatala. Mu 1979 ena mwa iwo adakhazikitsa bungwe la NAMI, ndipo imodzi mwa nkhondo zawo idali yokana kuti iwo ndiwo adadwalitsa ana awo.

Kwathu kuno mlandu womwewu umavala zovala zina. Kafukufuku amene Jim Crabb ndi anzake adachita pachipatala cha Queen Elizabeth Central, amene adatuluka mu 2012, adapeza kuti mwa odwala ndi owasamalira 210 amene adafunsidwa, oposa 9 mwa 10 alionse ankavomereza kuti misala ingayambe chifukwa cha matenda a mu ubongo, komanso oposa 8 mwa 10 ankavomereza kuti ingayambe chifukwa cha mizimu. Munthu mmodzi yemweyo amasunga zikhulupiriro ziwirizi mumtima popanda kuziona kuti zikulimbana. Bambo akakhala ndi golosale yoyenda bwino ku Limbe, amati adaika mwana wake m'chizimba kuti alemere. Mwana akaleredwa ndi mayi om'peza, mlandu sufuna umboni. Agogo a kumudzi amene adangobwera kudzaona zidzukulu sabata imene matenda adayamba amabwerera atatchedwa mfiti, ngakhale lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kunenera munthu zotero. M'mapemphero ena amati ndi temberero la kumtundu, ndipo kawirikawiri mtundu wake umakhala wa mkazi. Dokotala wa ku California ndi woombeza wa kuno adasiyana maphunziro, koma onse adayang'ana m'nyumba ya wodwala kufuna woti am'loze chala, ndipo onse adapeza munthu amene alibe mphamvu zodzitetezera.

Nkhaniyi sindiidziwira m'mabuku mokha. Mayi anga aang'ono, amene amagulitsa tomato ndi anyezi ndipo amakhala ku Bangwe, ali ndi mwana wamwamuna amene adadwala atangoyamba ntchito m'sitolo ina ku Limbe. Adayamba ndi kunena kuti makondakitala a minibasi akumunena. Kenaka adaleka kudya nsima ya m'nyumba, ati muli mankhwala. Banja litakumana, azakhali ake adati, "Alamu, mwanayu mudam'lekerera kwambiri, n'chifukwa chake wafika apa." Malume, eni mbumba, adati, "Achemwali, inu pakamwa panu m'powawa, mwana mudam'kalipira mpaka mutu kuzungulira." Milandu iwiri yotsutsana, pa munthu mmodzi, pamphasa imodzi. Anthu atabalalika, mayi aja adandikokera kuseri n'kundifunsa motsitsa mawu, "Mwanangu, iwe udapita kusukulu. Tandiuza zoona, ndidalakwitsa pati?" Adali atayenda kale kwa asing'anga ndi kumapemphero a kuphiri, mpamba wa geni utathera komweko, ndipo mng'ono wangayo adali asanaonane ndi dokotala aliyense.

Apa ndi pamene ndimaona kuipa kwenikweni kwa kufunafuna wolakwa: kumadya nthawi. Miyezi imene banja limathera pa kulozana zala ndi miyezi imene wodwala akukhala wopanda mankhwala, ndipo madokotala amadziwa kuti munthu akachedwa kuyamba mankhwala kuchira kwake kumavutirapo. Mankhwalawo alipo kuyambira 1952, pamene chlorpromazine adayamba kugwiritsidwa ntchito ku France. M'zipatala zathu amaperekanso haloperidol, risperidone, ndi jakisoni wa pamwezi kwa amene mapiritsi amawavuta kumwa tsiku ndi tsiku. Mng'ono wanga adafika ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth chija, ku chipinda chimene anthu amangoti Room 6, ndipo adam'tumiza ku Zomba Mental Hospital, chipatala chimene chidayamba mu 1910 ngati mbali ya ndende ya Zomba chisanapeze nyumba zakezake mu 1953. Adabwerako akugona tulo, akudya, mawu a m'mutu atachepa. Tonse tidapuma, tikuyesa kuti nkhani yatha. Koma apa m'pamene nkhani ya mawu a m'nyumba imayambira zenizeni.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, George Brown ndi anzake ku London adatsata amuna amene adatuluka m'zipatala za misala, ndipo adapeza chinthu chimene sankachiyembekeza. Amene adabwerera kwa makolo kapena kwa akazi awo ankadwalanso kawirikawiri kuposa amene adakakhala kwa abale awo ena kapena m'nyumba za lendi. Atafufuza kwa zaka zambiri, adapeza kuti vuto silidali banja palokha, koma mitundu itatu ya kayankhulidwe imene adaitcha expressed emotion: kudzudzula kosalekeza, kuipidwa ndi munthuyo m'malo moipidwa ndi zochita zake, ndi kudera nkhawa kopitirira muyeso kumene kumam'tsekera wodwala mpata wopumira. Mu 1976, Christine Vaughn ndi Julian Leff adaphatikiza zotsatira za odwala 128. Pa miyezi 9, mwa odwala 100 alionse obwerera m'nyumba za kayankhulidwe kotentha chotere, 51 adadwalanso, pamene mwa obwerera m'nyumba zofatsa adadwalanso ndi 13 okha. Mwa okhala m'nyumba zotenthazo, amene sankamwa mankhwala ndipo ankakhala maso ndi maso ndi abale awo maola oposa 35 pasabata, 92 mwa 100 adadwalanso. Mwa amene ankamwa mankhwala ndipo ankapeza kopita masana, adadwalanso ndi 15 okha.

Kusiyana kwa Brown ndi Bateson n'kwakukulu, ndipo ndikufuna kuti tikugwire bwino. Bateson adati mawu amayambitsa matenda. Brown adapeza kuti, matenda atayamba kale, mawu angathe kuwadzutsa kapena kuwagoneka. Kukanda sikubala chilonda, koma chilonda chimene chikukandidwa tsiku ndi tsiku sichipola. Ubongo wa munthu wodwala schizophrenia umavutika kusefa phokoso, mkwiyo ndi nkhani zambiri zobwera nthawi imodzi. Zimene ine ndingazimve n'kuziiwala pofika madzulo, iye zimam'chotsera tulo, ndipo tulo tikasowa mawu a m'mutu aja amabwerera. Ku Finland, Pekka Tienari adapeza zofananako mwa ana oleredwa ndi anthu ena. Mwa ana obadwa kwa amayi odwala, pafupifupi 37 mwa 100 amene adakulira m'mabanja osokonekera adadwala schizophrenia kapena matenda oyandikana nayo, pamene mwa okulira m'mabanja omvana adali pafupifupi 6. Koma ana opanda chibadwa cha matendawa sadadwale mochuluka ngakhale adakulira m'mabanja osokonekerawo. Nyumba yamtendere imateteza mwana amene ali pachiopsezo. Nyumba yaphokoso payokha sipanga matendawa.

Mitundu itatu ya Brown ija ndidaimva m'Chichewa, m'nyumba ya ku Bangwe. Kudzudzula kudali kwa achimwene ake: "Ulesi basi. Anzako amene udalemba nawo mayeso pano ali ku Poly, iwe kugona mpaka dzuwa paliwombo." Iwo sankadziwa kuti kuzizira thupi ndi mbali ya matendawo, ndiponso kuti mankhwala ena amagonetsa, amanjenjemeretsa manja ndi kuumitsa khosi. Kuipidwa kudali kwa azakhali aja: "Watichititsa manyazi mwana ameneyu, bola akadangokhala konko ku Zomba." Nkhawa yopyola muyeso idali ya mayi ake enieni. Adasiya geni kuti azim'yang'anira. Ankagona pakhomo la chipinda chake. Akamwa mankhwala, "Tatsegula pakamwa ndione." Akafuna kupita pagolosale, "Ayi, ndipita ndine." Zonsezi ankachita chifukwa cha chikondi, komanso chifukwa cha mlandu umene adasenzetsedwa pamphasa paja. Mayi amene wauzidwa kuti ndiye adadwalitsa mwana amayesetsa kulipira mlanduwo ndi moyo wake wonse, ndipo poyesetsapo amam'panikiza mwanayo. Umu ndi mmene bodza loyamba lija limadzetsera vuto lenileni.

Maola 35 aja amandiganizitsa kwambiri ndikayang'ana mmene timakhalira mumzinda uno. Ndi maola asanu okha patsiku. M'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ku Mbayani kapena ku Zingwangwa, anthu asanu ndi awiri akugawana mphasa, wodwala alibe ntchito, alandilodi akugogoda, ufa watha, ndani angapewe kuwombana? Leff ndi anzake atakafufuza ku Chandigarh m'dziko la India, adapeza kuti abale odzudzula kwambiri adali ochepa kuyerekeza ndi ku London, makamaka m'midzi. Ku Nigeria, mu 1954, Thomas Adeoye Lambo adayamba kusunga odwala m'midzi yozungulira chipatala cha Aro ku Abeokuta, aliyense ali ndi m'bale womuperekeza, m'malo mowatsekera. Adaona kuti banja ndi mankhwala zimagwira bwino zikayendera limodzi. Sindikunena kuti kumudzi zonse zili bwino, pakuti kumeneko odwala ena amamangidwa ndi unyolo pamtengo. Koma kumudzi mtolo umagawidwa. Mayi akatopa, wodwala amakadya kwa agogo, amakacheza kudimba ndi asuweni ake. M'tauni mbumba idamwazikana, wina ku Chirimba, wina ku Machinjiri, wina ku Johannesburg, ndipo mtolo wonse umagwera munthu mmodzi. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, koma m'matauni athu mayi mmodzi akulisenza.

Chotonthoza n'chakuti kayankhulidwe kamaphunzirika. Mu 1982, Leff ndi anzake adayesa kuthandiza mabanja a kayankhulidwe kotentha powaphunzitsa za matendawa, kuwasonkhanitsa m'magulu ndi kuwayendera kunyumba. Pa miyezi 9, odwala 9 mwa 100 ndiwo adadwalanso, kuyerekeza ndi 50 mwa amene adangolandira mankhwala okha. Kuyambira pamenepo ntchito yotere yayesedwa m'maiko ambiri ndipo yaoneka kuti imathandiza. Kwathu zinthu zidayamba kusintha tsiku limene namwino wina adakhazika pansi mayi anga aang'ono n'kuwauza kuti, "Amayi, matendawa simudawapangitse ndinu. Ndi matenda monga shuga. Bwererani ku geni yanu, mwanayu akufunika mpata." Adalira, ndipo patapita masiku adabwereradi pamsika.

Zimene banja lathu lidaphunzira pang'onopang'ono si zozama. Kunena chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, mwachidule, munthu mmodzi akuyankhula ena ali chete. Kutchula chimene chalakwika m'malo motchula munthuyo: "Mbale zija sunatsuke, tatsuka tisanadye," osati "Ndiwe wachabechabe." Kusalimbana ndi mawu a m'mutu, komanso kusawavomereza: "Ine sindikuwamva anthuwo, koma ndikuona kuti akukusautsa. Tiye tikhale panja pang'ono." Kumusiya akafuna kukhala yekha. Kum'patsa ntchito imene angaithe, monga kukatunga madzi pakiyosiki kapena kulondera benchi ya tomato mayi ake akapita kokapikula, ndi kum'thokoza akaichita. Kudziwa zizindikiro zoyamba, makamaka kusowa tulo, ndi kuthamangira kuchipatala zisanakule. Chovuta kuposa zonse chidali kusiya kukamba za iye ngati palibe, iye ali pomwepo. Makolo athu adati wamisala adaona nkhondo, kutikumbutsa kuti munthu wodwala mutu amanenanso zoona. Mng'ono wanga atafunsidwa maganizo ake, ndiye adafotokoza kuti mankhwala a m'mawa ndiwo ankam'lepheretsa kugwira ntchito, ndipo dokotala atamva adasintha kamwedwe kake.

Komabe ndingakhale wosalungama nditamaliza ndi malangizo kwa mabanja okha, ngati kuti kufatsa ndi chinthu chimene munthu amangosankha. Kuuza mayi wanjala, wosagona, woopa kuti mwana wake angam'menye usiku kuti "muziyankhula mofatsa" popanda kum'thandiza, ndi kum'patsa mlandu wachitatu. Kafukufuku wa Anthony Sefasi ndi anzake kuno ku Malawi, amene adatuluka mu 2008, adapeza kuti osamalira odwala schizophrenia amene ankadziwa zambiri za matendawa ndiwo ankamva kulemedwa kwambiri. Kudziwa kokha, popanda wogwirana naye mtolo, kumawonjezera nkhawa. Munthu wotere akufunika kuti mankhwala azipezeka mwezi uliwonse pachipatala chapafupi, kuti asamathere ndalama ya ndiwo pa minibasi n'kukabwerako chimanjamanja. Akufunika gulu la anzake odziwa ululu womwewo, monga amachitira a bungwe la MeHUCA, la odwala ndi owasamalira. Akufunika anamwino ndi alangizi a zaumoyo ofika pakhomo, ntchito imene a St John of God akhala akuichita ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Akufunika kuti ophunzira a ku KUHeS, poona wodwala, azipatulanso mphindi zokhala pansi ndi gadiyani wake.

Zina sizifuna boma. Amayi a Mvano, a m'miphakati ndi a Dawa amadziwa kuyendera odwala atanyamula shuga ndi sopo, koma nyumba ya wodwala misala kawirikawiri amailambalala, kapena amalowamo kukatulutsa ziwanda basi. Kukhala ndi wodwalayo masana amodzi kuti mayi ake akapume kapena akagulitse malonda ndi utumiki waukulu. Mwini shopu amene angam'lole kupanga katundu m'mashelefu maola ochepa patsiku wam'chotsa m'nyumba yopanikizana ija, wam'patsanso ulemu wobwera ndi kanthu m'manja. Abusa ndi mashehe angathe kupemphera ndi banja popanda kuuza wodwala kuti ataye mapiritsi pofuna kuonetsa chikhulupiriro. Ana a m'makwalala angaphunzitsidwe kuti munthu uja akudwala, asam'gende.

Ndipo kwa eni mbumba, amalume ndi azakhali amene amaitanitsa misonkhano ija, pempho langa ndi lakuti msonkhanowo uzichitikabe, koma nkhani yake isinthe. Funso lakuti wachita izi ndani lilibe yankho loona, ndipo yankho lililonse limene mungalipeze lidzapha chibale pa nthawi imene wodwala akuchifuna kwambiri. Mafunso oyenera pamphasapo ndi awa: ndani amuperekeze kuchipatala mawa, ndani azilipira thiransipoti mwezi ndi mwezi, ndani azim'tenga Loweruka kuti mayi ake agone, ndipo mwini wakeyo akuti chiyani. Mng'ono wanga akumwabe mankhwala, nthawi zina matenda amam'bwerera, koma amagwira ntchito pabenchi ya mayi ake ndipo amadya ndi anthu. Banja silidam'dwalitse, ndipo banja lokha silikadam'chiritsa. Koma pakati pa mankhwala a mwezi uno ndi a mwezi wamawa pali masiku 30 amene iye amakhala m'manja mwa abale ake, akumva zimene akunena. M'masiku amenewo muli ntchito imene dokotala sangatigwirire, ndipo tingaigwire bwino pokhapokha titayamba tamasula mayi wa wodwalayo ku mlandu umene sadapalamule.